Vidiyo ya bizinesi isamayambe ndi moni

Nditangoyamba kujambula mavidiyo a bizinesi yanga ndinkayamba ndi moni wautali, dzina langa, mbiri yonse, ndiye anthu ankangodutsa basi. Pa TikTok ndi Facebook paja munthu sachedwa kukankha ndi chala, ukapanda kumukopa m'masekondi 3 oyamba wapita ameneyo. Pano ndimangoyamba ndi katunduyo akugwira ntchito, zolankhula pambuyo. Foni ndimaiimika, 9:16, kuti vidiyo idzaze sikirini yonse, komanso ndimalemba mawu pansi poti ambiri amaonera atatsitsa voliyumu. Kamera yodula ayi, kuwala kwa pa windo kumakwana bwinobwino. Ma like nde ndinasiya kuwawerenga, ena amangosangalala nazo osagula, ine ndimawerenga amene abwera ku inbox kudzafunsa mtengo.