Mmene ndinapezera misewu yabata popalasa njinga kuchokera ku La Rochelle mpaka ku Royan

Pamene ndinkakonza ulendo wa panjinga m'mbali mwa nyanja ya Atlantic, m'dera la Charente-Maritime ku France, ndinali ndi ganizo lakuti msewu wotsata gombe ndiwo udzakhale wokoma kuposa ina yonse. Ganizoli linatha madzulo oyamba amene ndinayala mapu patebulo, chifukwa ndinaona kuti misewu yolumikiza matauni a m'gombe ndi imenenso eni galimoto onse amathamangiramo, pomwe tinjira topanda phokoso tili chakumtunda pang'ono, pakati pa minda ndi madambo. Ndinasankha mtunda wochokera ku La Rochelle kukafika ku Royan, womwe ndi wa makilomita pakati pa 120 ndi 130 malinga ndi kumene munthu wakhotera, ndipo ndinaugawa masiku atatu kuti ndisapalase ngati wothawa mvula.

Popeza ndimakhala ku Britain koma pasipoti yanga ndi ya Malawi, ndinayamba ndi kupempha visa ya Schengen, yolowera ku France ndi maiko ena ambiri a ku Ulaya, yomwe imafuna inshuwalansi ya zaumoyo yosachepera mayuro 30,000, umboni wa malo ogona ndi ndondomeko ya ulendo. Mwezi ndinasankha Sepitembala. Mu Julaye ndi Ogasiti anthu a ku France amakhamukira kunyanja kukapuma, moti ngakhale msewu waung'ono umadzaza ndi galimoto zokoka tinyumba togonamo, koma sukulu zikangotsegulidwa gombe limapuma, nyengo ikadali yofunda.

Ntchito yeniyeni inali pamapu, ndipo apa ndi pamene ndinathera nthawi yambiri. Msewu uliwonse ku France uli ndi chilembo patsogolo pa nambala yake. Wa chilembo A ndi msewu waukulu wa galimoto zothamanga ndipo njinga siloledwa, wa N ndi wa boma lalikulu ndipo umadzaza ndi mathiraki, wa D umasamalidwa ndi boma la dera, pomwe wa C ndi wa mudzi. Chimene chimasokoneza mlendo ndi chilembo D, chifukwa pansi pa chilembo chimodzichi pali tinjira tomwe mungapalase ola lathunthu n'kukumana ndi thirakitala imodzi yokha, komanso pali misewu ikuluikulu imene kale inali ya N kenaka n'kuperekedwa m'manja mwa madera. D137, yolumikiza La Rochelle ndi Rochefort, ndi ya mtundu wachiwiriwu, ndipo wapanjinga alibe chake kumeneko. Choncho chilembo pachokha sichikwanira, ndipo ndinadalira mitundu ya pamapu a Michelin, pomwe misewu yofiira ndi ikuluikulu, yachikasu ndi yapakatikati, ndipo yoyera ndiyo ing'onoing'ono imene ndinkaifuna. Lamulo langa linali lakuti ndiyende pa yoyera, ndilole yachikasu pokhapokha polowa m'tauni kapena powoloka mtsinje, ndipo yofiira ndingoidutsa mopingasa.

Mawu ena awiri a Chifalansa anandithandiza kwambiri. Voie verte ndi njira imene galimoto ndi njinga zamoto siziloledwa konse, ndipo kawirikawiri imatsata ngalande kapena pamene panali njanji kale. Véloroute ndi njira yaitali yokhala ndi zikwangwani za njinga, yomwe imalumikiza njira zoterezi ndi misewu yabata. Dera limene ndinasankha limadutsidwa ndi La Vélodyssée, gawo la ku France la njira yaitali ya njinga ya ku Ulaya yotchedwa EuroVelo 1. La Vélodyssée imayambira ku Roscoff m'chigawo cha Bretagne n'kukathera ku Hendaye pamalire ndi Spain, mtunda woposa makilomita 1,200. Ndinaitenga ngati msana wa ulendo wanga, koma sindinadzimange nayo, chifukwa pena imakhota kutali ndi malo amene ndinkafuna kuona. Madzulo aliwonse ndinkalemba papepala maina a midzi ya tsiku lotsatira motsatizana, n'kulimata pachiwongolero, chifukwa zikwangwani za m'tinjira ta kumudzi zimatchula mudzi wotsatira basi, ndipo munthu wosadziwa dzina lake amangoima pamphambano.

Za njinga yokha sizinandivute. Ndinaonetsetsa kuti mabuleki ndi magiya ali bwino, ndinanyamula machubu awiri, zigamba, pampu ndi loko. Lamulo la kumeneko limafuna belu ndi nyale, limafunanso chovala chonyezimira kwa wopalasa kunja kwa tauni usiku kapena kukakhala nkhungu, ndipo limaletsa kupalasa uli ndi zomvetsera m'makutu. Ku La Rochelle ndinafika pa sitima yochokera ku Nantes, nditasungitsiratu malo a njinga pogula tikiti, chifukwa malowo amakhala ochepa.

Tsiku loyamba ndinanyamuka padoko lakale, pamene pali nsanja ziwiri za Saint-Nicolas ndi la Chaîne zoyang'anizana pakhomo la doko, n'kulowera kummwera kudzera ku Aytré, Angoulins ndi Châtelaillon-Plage. M'mbali mwa madzi muli tinyumba ta asodzi toimikidwa pamizati italiitali, tokhala ndi ukonde wa ngodya zinayi wolendewera kutsogolo, tomwe eni ake amati carrelets. Apa ndi pamene ndinachita cholakwa chimene chikanandipweteka. Nditapumula pang'ono pamalo ena opanda galimoto, ndinakwera njinga n'kuyamba kupalasa kumanzere, monga tinazolowerera ku Malawi ndi ku Britain, mpaka galimoto ina inatulukira pakona ili kumbali yanga ndipo woyendetsa anaima mondilezera mtima. Msewu wodzaza umakukumbutsa wokha kuti uyende kumanja, koma msewu wabata sukuuza kanthu, n'chifukwa chake kuyambira pamenepo ndinamanga kansalu kofiira kudzanja lamanja la chiwongolero. Ndinaphunziranso kulemekeza lamulo lotchedwa priorité à droite, lakuti pamphambano yopanda chikwangwani kapena mzere, wotulukira kumanja kwako ndiye ayambe kudutsa, ngakhale akuchokera m'kanjira kakang'ono. M'midzi lamuloli likugwirabe ntchito, ndipo eni mudzi amatulukira mosakayika. Kumbali ina, oyendetsa galimoto amalamulidwa kusiya mpata wa mita imodzi m'tauni ndi mita imodzi ndi theka kunja kwa tauni podutsa wapanjinga, ndipo ambiri amene ndinakumana nawo ankadikira kumbuyo kwanga mpaka mpata utapezeka.

Ndinagona ku Rochefort, tauni imene inamangidwa kuyambira mu 1666 kuti pazikonzedwa zombo zankhondo za mfumu Louis XIV, ndipo nyumba yake yopotera zingwe za zombo, Corderie Royale, ndi yaitali mamita 374 m'mbali mwa mtsinje wa Charente. Kuwoloka mtsinjewu ndiko kunali chisankho chachikulu cha ulendo wonse. Mlatho waukulu wa galimoto ulipo, koma ndi wokwera komanso waphokoso. La Vélodyssée imauzemba pokwera ndi mtsinje kudzera ku Tonnay-Charente, zomwe zimatalikitsa njira. Ine ndinasankha mlatho wakale wa Martrou, wotsegulidwa mu 1900, womwe unapangidwa ndi injiniya Ferdinand Arnodin ndipo ndi wokhawo wa mtundu wake umene watsala ku France. Pamlathowu munthu sakwera pamwamba ayi, koma amalowa ndi njinga yake pathandala lolendewera pa zingwe zachitsulo, ndipo thandalalo limayenda pang'onopang'ono pamwamba pa madzi mpaka tsidya la Échillais. Umagwira ntchito m'miyezi yofunda yokha komanso pa maola oikika, choncho ndinakaona nthawi zake dzulo lake kuti ndisakagwiritsidwe mwala m'mawa.

Tsidya linalo ndi kumene ndinapeza chimene ndinadzera. Kuchokera ku Soubise ndi Moëze msewu umalowa m'dambo lalikulu la Brouage, lathyathyathya mpaka kumene maso alekezera, lodulidwadulidwa ndi ngalande, momwe ng'ombe zimadya msipu ndipo akakowa ndi mbalame zina zamiyendo italiitali zimaima m'madzi osatekeseka ndi wodutsa. Kwa nthawi yaitali ndinkangomva kulira kwa tcheni changa ndi mphepo m'mabango. Pakati pa dambolo pali Brouage, mudzi wozunguliridwa ndi malinga amiyala, womwe unakhazikitsidwa mu 1555 ngati doko logulitsira mchere. Matope anakwirira dokolo pang'onopang'ono, nyanja inabwerera m'mbuyo makilomita angapo, malonda anatha, ndipo n'chifukwa chake lero misewu yopita kumeneko ilibe piringupiringu. Mudziwu umakumbukira kwambiri Samuel de Champlain, amene anakhazikitsa mzinda wa Québec ku Canada mu 1608. Ndinatsamiritsa njinga pachipata n'kuyenda pamwamba pa linga kuzungulira mudzi wonse, ndipo sindikukhulupirira kuti pali malo ena pa ulendowu amene akanandikhutiritsa chotero.

Bata limeneli lili ndi mtengo wake, womwe ndi njala, ludzu ndi mphepo. M'midzi ing'onoing'ono masitolo ambiri amatseka cha m'ma 12:30 masana n'kudzatsegulanso mochedwa, Lamlungu masana amakhala otseka, ndipo ena satsegula Lolemba. Tsiku loyamba ndinafika pasitolo ya buledi chitseko chitangotsekedwa kumene, ndipo kuyambira pamenepo ndinkagula buledi, tchizi ndi zipatso m'mawa ndisananyamuke, osaiwala kuyamba ndi moni wa bonjour polowa, chifukwa kumeneko kulowa m'sitolo osapereka moni n'kupanda ulemu monganso kwathu. Za madzi, apanjinga anzanga anandiuza kuti manda a midzi yambiri amakhala ndi mpopi pafupi ndi chipata, wothirira maluwa. Kwa ine, amene ndinakula ndikudziwa kuti kumanda salowako wamba, zinandilemera mumtima, ndipo ndinachita zimenezi kamodzi kokha botolo litauma, nditavula chipewa komanso nditaonetsetsa kuti palibe chikwangwani cha eau non potable, chomwe chimatanthauza madzi osayenera kumwa. Mphepo nayo imakula masana kuchokera kunyanja, ndipo m'dambo mulibe mtengo wobisalirako, choncho ndinkanyamuka m'mamawa kuti mtunda waukulu uthe dzuwa lisanapendeke.

Nsanja ya tchalitchi cha Marennes, yotalika mamita 85, inanditsogolera kuyambira kutali. Derali limadziwika ndi nkhono za m'nyanja zotchedwa huîtres, zomwe amazikhwimitsa m'maiwe osaya adothi otchedwa claires. Tsiku lachitatu panali malo amodzi okha osazembeka, mlatho wa pamtsinje wa Seudre, womwe ndinawoloka m'mawa galimoto zisanachuluke, nditagwiritsa chiwongolero chifukwa cha mphepo yowomba cham'mbali. Kuchokera ku Ronce-les-Bains njira ya njinga zokha imalowa m'nkhalango ya paini ya la Coubre, yokwera ndi kutsika pamilu ya mchenga, nyanja ikumveka kuseri kwa mitengo, mpaka kukafika pansanja yowunikira zombo yopakidwa zoyera ndi zofiira, yotalika mamita 64. Kupitirira La Palmyre nyumba zimayamba kuthithikana ndipo oyenda pansi amachuluka, moti makilomita omaliza odzera ku Saint-Palais-sur-Mer ndinayenda mwapang'onopang'ono, belu lili pachala. Ku Royan, tauni imene inamangidwanso itagumulidwa ndi mabomba mu 1945, ndinaona chombo chowolotsa anthu ndi njinga pa mtsinje waukulu wa Gironde kupita ku Le Verdon-sur-Mer, komwe La Vélodyssée imapitirira, koma masiku anga anali atatha, ndipo ndinakankhira njinga kusiteshoni kukakwera sitima ya m'dera, yotchedwa TER, yodzera ku Saintes.