Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 6: Njinga ya Antonio ndi Njinga ya Bambo Anga

Gawo lapita ndinalekezera pomwe bambo anachotsedwa ntchito ku Blantyre, banja lonse n'kubwerera kwathu ku Balaka. Zaka zimenezo ndinali ndi mkwiyo ndi bambo anga. Munthu amene ankavala tayi tsopano ankadzuka tambala woyamba, kumanga dengu pa kaliyala ya njinga, ulendo wokaoda usipa. Madzulo ankafika ali duu, kudya nsima, kukagona. Ine ndili Fomu 2 ndinkaona ngati atinyanyala.

Pa parishi pathu panali bambo mfumu ena achikulire ochokera ku Italy. Loweruka madzulo ankaliza jenereta n'kuika kanema pa tebulo mu holo. Ife tinazolowera mafilimu a karate a mu vidiyo sho ya kumsika, momwe sitelingi amagwetsa chigulu cha anthu osatuluka thukuta. Loweruka lina anatiikira filimu yakuda ndi yoyera ya mu 1948, Ladri di biciclette (kutanthauza kuti Akuba Njinga), ya Vittorio De Sica wa ku Italy. Anzanga ena anatuluka isanapite patali. Bambo mfumu anakhala pambali pa kanema n'kumatimasulira m'Chichewa.

Nkhani yake ndi ya Antonio Ricci, lova wa mumzinda wa Roma nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha. Wapeza ntchito yomata mapositala m'makoma, koma ntchitoyo ikufuna njinga, ndipo njinga yake ili pa chikole. Mkazi wake Maria akuvundukula mashiti pabedi, kuwachapa, kukawapereka chikole kuti njinga ituluke. Apa kamera imatsatira wantchito wa pamalopo akukwera mashelefu ataliatali odzaza mitolo ya nsalu za mabanja ena mpaka kudenga. Holo yonse inangoti zii. Tsiku loyamba la ntchito, Antonio ali pa makwerero kumata chithunzi cha Rita Hayworth, katswiri wa mafilimu wa ku America, mnyamata wina akuithawitsa njinga ija.

Zotsala zonse ndi bambo ndi mwana wake Bruno kuyendayenda mu Roma, m'misika ya Piazza Vittorio ndi Porta Portese komwe amagulitsa zipangizo za njinga, mvula ikuwavumba. Malo amene anandigwira mtima ndi pamene Antonio, mutu utaima, akumumenya Bruno mbama. Mwana akuyenda patali, akulira. Posakhalitsa kukumveka phokoso kumtsinje kuti mwana wina akumira. Antonio akuthamanga akufuula dzina la Bruno, nkhope itasinthiratu. Atamupeza ali bwinobwino, sakupepesa. Akumutengera kumalo odyera, n'kumugulira chakudya ndi tindalama tomwe anatsala nato. Ndinawaona bambo anga pamenepo. Nawonso sankadziwa kupepesa ndi pakamwa. Ankangobwera ndi mandasi m'thumba la jekete n'kuwasiya pa mpando wanga.

Kumapeto Antonio naye akuba njinga pafupi ndi bwalo la mpira. Anthu akumugwira, kumumenya, mwana wake akuona. Mwini njinga, poona Bruno akulira, akuti musiyeni. Palibe sitelingi amene anabwera kudzakonza zinthu, njinga sinapezeke. Ndinatuluka mu holo khosi litauma, ndikubisa nkhope kuti anyamata asandione.

Bambo mfumu anatiuza kuti amene anasewera Antonio, Lamberto Maggiorani, sanali wazisudzo koma wantchito wa mu fakitale, ndipo Enzo Staiola, Bruno uja, anali kamnyamata wamba ka mu Roma momwemo. Situdiyo yaikulu ya Cinecittà inali itasanduka msasa wa anthu othawa nkhondo, ndiye opanga mafilimu monga De Sica ndi Roberto Rossellini anatulukira m'misewu. N'chifukwa chake nkhope za m'mafilimu amenewa sizinama. Ndaonera ambiri kuchokera nthawi imeneyo, Umberto D. ya mu 1952 ndi La strada ya Federico Fellini ya mu 1954, ndipo mpaka lero ndimati palibe amene anajambula manyazi a bambo wosowa ntchito kuposa De Sica.

M'mawa mwake ndinawafunsa mayi kuti ndalama yogulira njinga ya bambo inachoka kuti. Anayang'ana pakona pomwe pankakhala makina awo osokera. Ndinali ndisanafunsepo kuti makinawo anapita kuti.

Lamulungu lomwelo madzulo ndinatenga kansanza, kupukuta masipoko, kuthira oyilo pa tcheni, kupopa matayala. Bambo anatuluka, kundiyang'ana kanthawi, n'kunena kuti, "Iwe, tayala lakumbuyolo usapope kwambiri, chubu chake n'chomata." Holide yotsatira ananditenga kokaoda usipa, ndipo m'njira anandifotokozera mmene anachotsedwera ntchito, nkhani imene ngakhale mayi sankaidziwa yonse. Imeneyo ndikusimbirani m'gawo likubwerali.