Mafyuzi a Masiku Ano Ndi Abodza

Wailesi yatsopano ya m'galimoto ndinati ndiika ndekha, za amakaniko n'kutaya ndalama. Mawaya ake ali ndi mitundu kale: wachikasu amatenga moto wa ku batire nthawi zonse, wofiira amalandira moto mukapotoza kiyi, wakuda amakagwira chitsulo cha galimoto. Ndinapiringiza, kumata tepi, kukankhira mawaya onse kuseri, kenako n'kumanga masikuluu ndi mphamvu zanga zonse. Inalira! Ndinaitana mayi a kunyumba kuti adzaone mtundu wa mwamuna amene anakwatiwa naye.

Atakhala pampando anatseka chitseko mwamphamvu, nyimbo ija zii. Getsi la kudenga linazima, wotchi ya padashibodi nayonso.

"Abambo, zatsopanozi zimalira chonchi?"

M'galimoto zambiri wailesi imagawana fyuzi ndi getsi la kudenga, choncho kopita ndinkakudziwa. Ndinagona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo ili panja, tochi kukamwa, n'kuzula kafyuzi kofiira ka 10A. Kawaya ka m'kati kanali kataduka. Ndinatenga ina. Isanakhazikike n'komwe, thwa! kamoto m'zala. Kiyi ali m'thumba mwanga, dziwani. Wina akanadzifunsa kuti ndi waya uti amene amakhala ndi moto kiyi ali m'thumba. Ine ndinagamula kuti mafyuzi a masiku ano ndi abodza, ndipo ndinawapsereza imodziimodzi mpaka paketi inapepuka.

Apa m'pamene anatulukira alamu anga, munthu amene sanakhalepo ndi galimoto koma matenda a galimoto iliyonse amawadziwa.

"Alamu, wailesi yanuyi ndi yamphamvu. Kafyuzi kakang'ono sikangaikwane. Ikani yaikulu."

Yabuluu ya 15A inapita. Yachikasu ya 20A inalimbako kamphindi, mokwanira kuti alamu ayambe kugwedeza mutu monyadira, kenako nayo thwa. Iwo sanagwe mphwayi. Anapisa m'thumba, kutulutsa kapepala kasiliva, kukulunga fyuzi yopsa ija n'kuilowetsa.

"Imeneyi ndiye siduka," anatero.

Sananame. Sinaduke. Kuseri kwa dashibodi kunayamba kutuluka kautsi kopyapyala, fungo la pulasitiki yopsa linadzaza galimoto. Ndinadziwombetsa mutu pachiwongolero podzuka, kuthamangira ku boneti ndi sipanala, kumasula waya wa negativi wa batire manja akunjenjemera. Pocheuka, alamu anali ataima patali ndithu, akuyankha foni imene sinalire.

Wa zamagetsi a galimoto atabwera, ananunkhiza kamodzi kokha n'kundiyang'ana ngati mwana wogwidwa ndi machesi. Anazula chosiliva chija ndi pulayazi n'kuchiika m'dzanja langa.

"Achimwene, fyuzi anaipanga yofooka dala, kuti izifa iyoyo waya asanapse. Mukaika yaikulu, wopsa amakhala waya."

Chida chake chinandichititsa manyazi: babu wamba wa galimoto wa 12V wokhala ndi timawaya tiwiri. Anamulumikiza pamalo pa fyuzi n'kubwezera batire. Babu anawala ngwee. Anati ndiye kuti moto ukuthawira kuchitsulo penapake, ndipo babuyo akuuchepetsa kuti pasapse kanthu pamene tikufufuza. Anapisa dzanja kuseri n'kuzula pulagi ya wailesi. Babu ali chiwalire. Wailesi inalibe mlandu. Anayamba kumasula masikuluu anga aja, akudandaula kuti anamanga ndani chonchi. Ine ndinayang'ana kudenga. Atangotembenuza ya kumunsi, babu anaphethira n'kuzima.

Sikuluuyo inali itaboola tepi yanga n'kuluma waya wachikasu, kumukanikizira kuchitsulo. Poyamba inangomukhudza pang'ono, chitseko cha mayi chija n'chimene chinamalizitsa ntchito. Ndinafuna kunenapo mfundo imeneyi, koma nditaona nkhope yawo ndinaimeza.

Mkuluyo anadula chigawo chonse chimene chinasungunuka, kulumikiza waya watsopano ndi mtovu, kuphimba bwinobwino, n'kuika kafyuzi kofiira ka 10A, kofanana ndendende ndi aja ndinkawanena kuti ndi abodza. Wailesi inalira, getsi linayaka, wotchi inayambiranso kuwerenga.

Ndikuwerenga ndalama zolipira, zoposa zimene ndinkathawa poyamba paja, alamu anasendera pafupi, kusuzumira m'dashibodi, n'kuuza makaniko uja motsitsa mawu:

"Ine ndinawauza kuti zamagetsi si zoseweretsa."