Sabata imene ndinatha ndi kaambulera ka silika

Ndimagwira ntchito yosamalira ndi kukonza nsalu zakale m'nyumba ina yosungiramo zinthu zamakedzana kumpoto kwa England, ndipo Lolemba lapitali anandipatsa kaambulera ka akazi ka m'zaka za m'ma 1850 kuti ndikakonze kasanaikidwe pachionetsero. Tiambulera totere sitinali ta mvula ayi, tinali totchingira dzuwa, chifukwa masiku amenewo khungu losapsa ndi dzuwa linkasonyeza kuti mkaziyo ndi wa m'banja lopeza bwino, sagwira ntchito panja. Aka n'kochepa moti sikangaphimbe mapewa onse awiri, ndipo ndodo yake imapindika pakati kuti mwini wake asavutike nako atakhala m'ngolo yokokedwa ndi akavalo.

Masiku awiri oyamba sindinagwire singano, ndinangoyang'ana, kujambula ndi kulemba. Timizati totambasula nsalu si tachitsulo, koma tinasemedwa kuchokera ku chinthu chonga nyanga chimene chimakhala m'kamwa mwa nangumi. Zimenezi zinandithandiza kutsimikiza msinkhu wake, pakuti mu 1852 Samuel Fox wa ku Stocksbridge anatulukira mawaya opepuka achitsulo otambasulira maambulera, ndipo pang'ono ndi pang'ono amisiri anasiya za nangumi.

Vuto lalikulu linali silika. Kaambulera kakakhala kopinda zaka zochuluka, nsalu imayamba kung'ambika m'mapindo momwemo, ndipo wokatambasula mopupuluma akhoza kuwononga m'kamphindi chinthu chimene chapirira zaka zoposa 160. Lachitatu ndinanyika silika wina wopyapyala kwambiri mu utoto mpaka anafanana ndi wakaleyo, ndipo Lachinayi lonse ndinali kumulowetsa kunsi kwa malo ong'ambika, n'kumagoneka ulusi pamwamba ndi kuugwiritsa ndi timisoko ting'onoting'ono. Pantchito yathu sitisoka kuti chinthu chioneke chatsopano, timasoka kuti chisapitirire kutha, komanso kuti amene adzabwere pambuyo pathu adzathe kusosola popanda kuwononga.

Chimene chinandikhalitsa chete ndi chogwirira chake. Nditachiika pansi pa galasi lokuza zinthu, ndinaona timizere topingasana timene timapezeka m'mnyanga wa njovu, osati m'fupa. Minyanga yambiri imene inkasemedwa ku Ulaya nthawi imeneyo inkadzera pa Zanzibar, ndipo ife tinaphunzira kusukulu za a Jumbe a ku Nkhotakota, amene ankaolotsa minyanga ndi akapolo pa nyanja n'kuwatumiza ku doko la Kilwa, m'dziko limene pano ndi Tanzania. Njovu ya mnyanga umenewu inaphedwera kuti, chogwiriracho sichinena, koma mmene malondawo ankayendera n'zodziwika. Anthu ankasenza minyanga pamutu dzuwa likuswa mtengo, kuti mayi wina ku London abise nkhope yake ku dzuwa.

Lachisanu ndinapempha mkulu wa chionetserocho kuti kapepala kofotokozera kasangotchula silika ndi mphonje zake, koma kanenenso za mnyangawo ndi malonda ake. Iwo anadandaula kuti malo a mawu ndi ochepa, komabe titakambirana anavomera kuwonjezera chiganizo chimodzi. Madzulo ake tinakaika m'kabati ya magalasi katatsegulidwa theka lokha, kuti nsalu isakokeke, ndipo nyali tinaichepetsa kufika pa 50 lux, muyeso wa kuwala umene timatsata pa nsalu zonse zakale.