Ku Harare mlendo samusiya wopanda timu

Basi yochokera ku Blantyre imadzera pa Mwanza, kulowa Zobue, kuwoloka Zambezi ku Tete, kenaka Nyamapanda, ndiye Harare. Mtunda wake si woopsa, koma zipata za m'malire zimadya nthawi, moti tinafika kutada kale. Za m'njira ndilekere pomwepa, chifukwa chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi mpira wa pakati pa matimu awiri a mu Harare, Dynamos ndi CAPS United.

Ndinafikira kwa amalume ku Mbare, dera lina la mu Harare. Iwowa anapita ku Zimbabwe ali mnyamata, monga anachitira Amalawi ambirimbiri okasaka ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'mafakitale. Chichewa chawo chikadali cha kumudzi, kungoti Chishona chimalowerera akapsa mtima. Ndipo chimene chimawapsetsa mtima kwambiri ndi mwana wawo woyamba, msuweni wanga, amene anakulira pakhomo losapota Dynamos, yomwe amaitcha DeMbare, koma n'kusankha CAPS United, yomwe amaitcha Makepekepe.

Mmawa wake, tiyi asanazizire, amalume anayamba.

"Mphwanga, kwanu kuja umasapota iti?"

"Maule, amalume."

"Basi yatha. Ndiwe wa DeMbare. Pasuwa uja tinakubwerekani ndife."

Msuweni anaseka mpaka kutsamwa. "Iwe usawamvere madalawa. Mmalawi weniweni kuno ndi wa Makepekepe. Afunse kuti Kamwendo ankavala jezi yanji."

Chovuta n'chakuti onse awiri ankanena zoona. Kalisto Pasuwa anawinitsa Dynamos ligi zaka zinayi zotsatizana, kuyambira 2011 mpaka 2014, asanabwere ku Bullets, Maule athu aja, mu 2018 kudzatizoloweretsa chikho ngati n'chathu chobadwa nacho. Nayenso Joseph Kamwendo anali m'gulu la CAPS lomwe linatenga ligi mu 2005, ndipo chaka chimenecho anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'dzikomo, mlendo ameneyo. Achikulire a CAPS mpaka lero ukangoti ndine wa ku Malawi, dzina loyamba kutuluka pakamwa pawo ndi limeneli. Koma Kamwendo kwathu kuno ndi wa Manoma, Wanderers, olimbana nawo a Maule, ndiye mukuona pomwe panandivutira.

Dynamos inayamba mu 1963, nthawi ya ulamuliro wa azungu, ndipo mizu yake ili ku Mbare komweku. Ndi timu ya anthu wamba: ogulitsa pa msika wa Mbare Musika, makondakitala a makombi (maminibasi), amayi a tomato. Yatenga ligi koposa ka 20, ndipo amalume akayamba kutchula mayina, George Shaya, Moses Chunga, Sunday Chidzambwa, nkhope imachita kuwala. Pachimake pa nkhani yawo ndi 1998, pomwe DeMbare inafika ndime yomaliza ya CAF Champions League. Analepherana 0-0 ndi ASEC Mimosas ya ku Ivory Coast ku Harare, n'kukagonja 4-2 ku Abidjan. Kaputeni wawo Memory Mucherahowa anavulazidwa masewero achiwiriwo asanayambe n'komwe, ndipo amalume amaifotokoza nkhaniyi ngati inachitika dzulo, mawu akunjenjemera.

CAPS ndi yaing'ono pa zaka. Inabadwa mu 1973 ngati timu ya kampani yopanga mankhwala, ndipo mu 1979 inali itatenga kale ligi, Shacky Tauro akugoletsa. A Dynamos amaiderera kuti ndi timu ya pa ntchito, yopanda mudzi. Msuweni amayankha ndi zaka: CAPS inatenga ligi mu 2016, pomwe Dynamos inalekera 2014, ndipo mu 2017 Makepekepe anatulutsa TP Mazembe ya ku DRC mu mpikisano wa CAF. "Inu madala mumadya mbiri," amatero. "Mbiri sithira chigoli."

Tsiku la masewero a Dynamos ndi CAPS tinapita wapansi ku bwalo la Rufaro, poti bwaloli lili m'kati mwa Mbare. Ndi bwalo lomwe mbendera ya Zimbabwe inakwezedwa koyamba mu April 1980, Bob Marley ataimba pa mwambowo. Amalume anandiuza zimenezi katatu tisanafike pa geti. M'njira monse munali buluu wa Dynamos ndi girini wa CAPS, mavuvuzela, anyamata odzipaka penti, amayi owotcha chimanga ndi ogulitsa mazira owiritsa. Makombi amadutsa mbendera zili pawindo, kondakitala thupi lonse lili panja. Malonda ambiri amayenda ndi dola ya ku America, choncho yendani ndi ndalama zing'onozing'ono, chenje chimavuta.

Pa geti tinasiyana. Msuweni analowera kwa anzake obiriwira, ine amalume anandikokera ku mbali yomwe amaitcha Vietnam, kumene kumakhala masapota enieni a Dynamos. Kumeneko sukhala pansi. Ng'oma imayamba mpira usanayambe, nyimbo imodzi ikatha ina yalowa, ndipo simenti imachita kugwedera kumapazi. Mawu ambiri a nyimbozo sindinawamve, koma amene ndinawamva sindingawalembe pano. Mkulu wina pambali panga atamva tikuyankhula anatembenuka n'kuti, "Achimwene, mwachokera kumudzi?" Agogo ake anali a ku Dedza, iye sanapondeko ku Malawi, koma moni ndi mayina a ndiwo amazidziwa bwino. Anandipatsa mpango wabuluu kuti ndivale. Ndinathokoza, n'kuugwira m'manja mpaka mpira kutha. Wa Maule kuvala buluu, mtundu wa Manoma, ngakhale kunja kwa dziko, pali anthu ku Ndirande amene sangandikhululukire.

Mpira weniweniwo, kunena chilungamo, sunafike pa msinkhu wa phokosolo. Kuthamanga kunalipo, kugwetsana kunalipo, koma kupatsirana kwabwino kumaoneka mwa apo ndi apo. Matimu awiriwa akhala zaka akuona ligi ikupita kwa ena, monga FC Platinum ya ku Zvishavane yomwe inatenga kanayi motsatizana kuyambira 2017, ndi Ngezi Platinum mu 2023. M'zaka zimenezo ndalama za m'migodi zinasuntha mpira wa dzikolo kuuchotsa mumzinda. Komabe sindikhulupirira kuti matimu a m'migodiwo angaimitse tauni yonse momwe awiriwa amachitira. Amene amabwera ku Rufaro tsiku limeneli sabwera kudzawerenga mapointi. Amabwera kuti Lolemba akathe kuyang'ana mnzawo wa pa ntchito m'maso.

Madzulo tinakumananso kunyumba, aliyense mawu atasasa. Pa nsima, yomwe kumeneko amati sadza, mkangano unapitirira pa penate yomwe wina akuti inalipo, wina akuti woyimbira anachita bwino kuikana. Atandifunsa maganizo anga ndinati sindinaone bwino, kutsogolo kwanga kunali mbendera. Msuweni anati poti ndakhala ku Vietnam, ndagulitsa chisuweni, ndipo abweza. Akuti Disembala akubwera ku Blantyre, ndikamutengere ku Kamuzu Stadium, ndipo jezi ya Wanderers ndikamugulire ndine.