Bowo la mamilimita 10

Uno ndi mwezi wanga wachisanu pa ofisina ya anthu onse kuno ku Ulongué, kumene aliyense amabwera ndi chake chothyoka n'kubwereka zida. Tili ndi makina owotcherera, rebarbadora yodulira zitsulo, makompyuta awiri okalamba, ndi pulinta ya 3D imene ana a sukulu amaunjikana pawindo kudzaionerera. Ine chimene chinandikoka ndi pulintayo. Zowotcherera ndinkaziyesa za madala.

Amene anandichotsa matama ndi mayi wina wa ku Dómuè, mlimi wa kachewere. Anafika m'dzinja, chiwawu chitayamba kugwira masamba, atanyamula sipuleya yoberekera kumsana. Kanali katathyoka ndi kapulasitiki kolumikiza chogwirira ndi pampu. Ndinakayeza ndi paquímetro, kachida koyezera kukula kwa tinthu ting'onoting'ono, bowo lake mamilimita 10 ndendende, n'kukajambula mu FreeCAD, pulogalamu yojambulira zinthu pa kompyuta. Ndinati, "Amayi, pitani kumsika, pobwerera mukapeza katatha."

Pulinta imasungunula ulusi wa pulasitiki yotchedwa PLA pa madigiri pafupifupi 200 n'kumauyala mizere yopyapyala, wina pamwamba pa unzake, uliwonse mamilimita 0.2. Patatha maola awiri kanatuluka kokongola ndithu, koma chitsulo cholowa m'bowomo chinakana kulowa. Pulasitiki yotentha imafwamphukira m'kati mwa bowo, ikamazizira n'kukhwinyatanso, ndiye bowo la 10 pa kompyuta limatuluka lochepera. Ndinajambulanso la 10.3. Magetsi anathima kali pakati, ife a chigawo chomwe chili ndi damu lopanga magetsi la Cahora Bassa, koma izo tizisiye. Kachitatu kanalowa bwino. Amayi aja anapopa kanayi, popopa kachisanu kanangoti thyo!

Mmisiri wathu wamkulu, amene anayamba kuwotcherera ine ndisanabadwe ndipo kompyuta saikhudza n'komwe, anatola zidutswazo n'kuziyang'ana pothyokapo. Panali posalala ngati podulidwa ndi mpeni. Anandifunsa, "Mphwanga, nkhuni umaiwaza chotani?" Ndinati motsata mitsempha yake. "Nanga kanthu kako aka mitsempha waigoneka kuti?"

Ndinachita manyazi. Ndinali nditakapulinta choimirira, choncho mphamvu ya dzanja inkakoka mizere ija n'kuilekanitsa pomwe inangomatana, pamene pali pofooka kuposa ponse. Kukagoneka chafufumimba pa mbale ya pulinta, mizere imayenda motsata kutalika kwake ndipo kamalimba. Zimenezi ndinaziwerengapo pa intaneti, koma sizinandilowe mpaka nditaziona m'dzanja la munthu wodziwa nkhwangwa.

Sanalekere pomwepo. Anati PLA imayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 60 (izi anazimva kwa ine ndemwe, n'kundibwezera), ndipo sipuleya imagona padzuwa kumunda, mwinanso pamwamba pa malata. Anatenga kachidutswa ka chitsulo m'bokosi la zotsala, n'kundipatsa. Chojambula changa chija ndicho tinalembera pa chitsulopo, ndinadula ndekha, ndinaboola ndekha, mmisiriyo anangowotchererapo kachitsulo kamodzi kotuluka ngati khutu. Sizinathe ngakhale ola.

Amayi aja anakwera chapa yomaliza, dzuwa litapendeka. Tizidutswa titatu tija ndinatimanga pa waya n'kutipachika pamwamba pa pulinta. Sabata ino ndayamba kuphunzira kugwira elekitirodi, kandodo kowotcherera, ndipo imandimatirirabe pa chitsulo ndikangoyatsa.