Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Chaka Chimene Ndinkagona Pachitseko

Mwana wanga wachiwiri atatuluka m'chipatala cha Gulupu, komwe anakhala masiku anayi ali chikomokere chifukwa cha malungo a mu ubongo, tonse tinayesa kuti mavuto atha. Anamwino anatichenjeza kuti ana ena opulumuka matendawa amayamba khunyu kapena amasintha khalidwe, koma mawuwo sanandilowe, pakuti mtima wanga unali pa phala limene ankalandira pasupuni.

Patapita miyezi, mnyamata amene kale anali wofatsa sankakhazikikanso pamalo amodzi. Ankamenya anzake, ankaswa mbale, ndipo m'bandakucha ankatsegula chitseko nkuthamangira kumsewu wa maminibasi kwathu ku Ndirande. Ndinayamba kuyala mphasa pachitseko kuti akafuna kutuluka andiponde ndidzuke. Apongozi ankati ndikumulera monyengerera, pomwe anansi ena ankanong'onezana kuti tinakhwimira bizinesi, ngakhale kuti kaunjika wanga mumsika wa Limbe anali atalowa pansi moti ndinkalephera kubweza ngongole ya banki m'khonde. Anthu okhwima otani osowa ndi mtengo wa makala womwe?

Aliyense wobwera pakhomo ankafunsa za mwana, ndipo ineyo ndinkaona kuti kudandaula za thupi langa ndi kusayamika Mulungu amene anandibwezera mwanayo. Mutu sunkapola, nsima sinkatsika, ndipo ku Mvano ndinasiya kupita poopa kuti ndikalira pakati pa nyimbo. Tsiku lina pochokera ku Limbe, minibasi itafika pa siteji yathu ndinangokhala chete osatsika, mpaka kondakitala anandiuza kuti, “Mayi, tafika pomaliza.” Sindinaiwale njira ayi, ndinkaopa nyumba yanga yomwe.

Nkhaniyi ndinaulula kwa mkulu wanga wa ku Chilomoni yekha, ndili ndi manyazi aakulu. Sanandidzudzule ndipo sanandilalikire. Loweruka lotsatira anafika ndi chitenje m'chiuno, nagwira mwanayo padzanja, nati, “Iwe, lowa ukagone, uyu ndi wanganso.” Ndinati, “Achemwali, akuvutitsani,” koma iwo anali atatuluka kale pampanda.

Ndinagona pabedi, malo amene msana wanga unali utawaiwala. Ndinadzidzimuka dzuwa litapendeka, nyumba ili zii, ndipo ndinathamangira kumsewu wopanda nsapato ndisanakumbukire kumene mwanayo anali.